Diso Pamaso pa Ophunzira: Kuchokera ku Baghdad Kufika pa Kamuzu Central



Mumzinda wa Lilongwe muli malo atatu amene amakamba za diso. Oyamba ndi mumsika wa ku Old Town ndi m'misewu yozungulira, kumene mandala amayalidwa pa benchi, munthu n'kumayesa awa ndi awo mpaka atapeza omuthandiza kuwerenga. Achiwiri ndi chipatala cha maso cha Lions Sight First pa Kamuzu Central, kumene agogo amalowa atagwiridwa dzanja ndi mdzukulu, mawa lake n'kutuluka akuyenda okha. Achitatu ndi zipinda za misonkhano za ku City Centre, monga za ku Bingu International Convention Centre, kumene dokotala amaimirira pamaso pa anzake, kuonetsa zithunzi pakhoma, kufotokoza zomwe wapeza, kenako n'kudikira mafunso.

Ambirife timadziwa malo awiri oyambawo. Achitatuwo timawaona ngati a anthu a masuti ochokera ku Area 10 ndi Area 43, osatikhudza ife. Koma mbiri ikuonetsa kuti chilichonse chimene dokotala wa pa Kamuzu Central amachita m'diso mwa agogo athu chidayamba chadutsa m'chipinda ngati chimenecho. Padali munthu amene adaona chinthu, nachibweretsa pagulu, nalola kuti amutsutse. Kusiyana kwa mankhwala enieni ndi zongomva kwagona pamenepo.

KAPANGIDWE KA DISO

Tiyambe talidziwa disolo. Diso la munthu wamkulu ndi laling'ono, mamilimita pafupifupi 24 kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo. Kutsogolo kwenikweni kuli kachikopa koonekera ngati galasi kotchedwa cornea. Kuseri kwake kuli kabowo kakuda kaja timati kamwana ka diso, kamene kamachepa padzuwa ndi kukula mumdima. Kuseri kwa kabowoko kuli lenzi, kanthu kowala mbee, kamene kamasonkhanitsa kuwala kuti chithunzi chioneke bwino. Kumbuyo kwenikweni kwayalidwa kansalu kopyapyala kotchedwa retina, kokhala ndi timaselo tomva kuwala pafupifupi 100 miliyoni. Kuchokera pamenepo, mtsempha umodzi wolukidwa ndi timaulusi toposa 1 miliyoni umanyamula uthenga kupita nawo ku ubongo.

Pali mfundo ziwiri zoti tizisunge, chifukwa tidzazifuna kutsogoloku. Yoyamba ndi yakuti mwana akamaumbika m'mimba, retina imaphuka kuchokera ku ubongo, ndipo imakhalabe yofanana nawo. Choncho woyang'ana mkati mwa diso amaona timitsempha ta magazi tofanana ndi ta mu ubongo popanda kung'amba paliponse. Yachiwiri ndi yakuti pakona ya diso, chakumphuno, pali timabowo tiwiri, kena pachikope cham'mwamba, kena pa cham'munsi, tomwe timatsitsira misozi m'kanjira kolowa m'mphuno. N'chifukwa chake munthu akalira mamina amatuluka.

Zonsezi lero zili m'buku la Biology la ku sekondale. Koma kuti zidziwike padapita zaka zoposa 1,000 za kukangana.

BAGHDAD NDI CAIRO

Sing'anga wachigiriki Galen, amene adakhalapo m'zaka za m'ma 100 AD, adaphunzitsa kuti chiwalo chimene chimaona ndi lenzi. Akatswiri ena monga Euclid ndi Ptolemy ankati m'maso mumatuluka cheza chimene chimakakhudza zinthu, ndiye munthu n'kuona. Maganizo amenewa adafika ku Baghdad kudzera mwa omasulira mabuku, ndipo wamkulu wa iwo adali Hunayn ibn Ishaq, amene adabadwa mu 809 n'kumwalira mu 873. Iyeyu adali Mkhristu, koma adagwira ntchito yake pansi pa makhalifa a Abbasi, ndipo Asilamu adaphunzira kwa iye osachita manyazi. Buku lake la nkhani khumi zokhudza diso lili ndi zojambula za mkati mwa diso zomwe zili m'gulu la zakale kwambiri zimene zidakalipo. M'zojambulazo lenzi ili pakati penipeni pa diso, pamene sipali pake, chifukwa iye adatsatira Galen.

Bukuli lidasanduka muyeso. M'zaka za m'ma 1100, al-Shayzari adalemba malangizo a muhtasib, mkulu woyang'anira misika, ndipo adati ochiritsa maso aziyesedwa mayeso pa buku la Hunayn asanaloledwe kugwira diso la munthu. Taganizani, abale: zaka 800 zapitazo anthu adazindikira kale kuti wogulitsa mankhwala a maso pamsika ayenera kufunsidwa kumene adaphunzira.

Cha m'ma 1000, Ali ibn Isa wa ku Baghdad adalemba Tadhkirat al-Kahhalin, momwe adafotokoza matenda a maso okwana 130 motsatira ziwalo za diso. Nthawi yomweyo Ammar ibn Ali wa ku Mosul, amene ankagwira ntchito ku Egypt, adapanga singano yachitsulo yobowoka mkati yoyamwira ng'ala yofewa, ndipo adalemba za odwala ake mmodzimmodzi kuti anzake aweruze okha.

Amene adatembenuza nkhani yonse ndi al-Hasan ibn al-Haytham, wobadwira ku Basra cha m'ma 965, amene adamwalira ku Cairo cha m'ma 1040. M'buku lake la Kitab al-Manazir, la zigawo zisanu ndi ziwiri, adaonetsa kuti kuwala ndiko kumalowa m'diso kuchokera ku zinthu. Adakumbutsa zimene aliyense amadziwa, kuti ukayang'ana dzuwa diso limapweteka, ndipo ukatsinzina chithunzi chake chimatsalirabe. Adayika nyale kunja kwa chipinda chamdima chokhala ndi kabowo, naonetsa kuti kuwala kumayenda mowongoka, ndipo ukaphimba nyale imodzi, kadontho kake kokha ndiko kamazima pakhoma. Chachikulu n'chakuti adafotokoza zipangizo zake ndi kayalidwe kake mwatsatanetsatane, kuti wokayika akayese yekha.

Mwambo wa ophunzira a nthawi imeneyo udali wakuti buku liziwerengedwa pa majlis, pamaso pa mphunzitsi ndi omvera, kuti cholakwika chigwidwe. Ife a m'madrasa mwambowu timaudziwa, pakuti wophunzira sanena kuti wadziwa asanawerenge pamaso pa womukonza. Ndipo Ibn al-Haytham nayenso adakonzedwa. Cha m'ma 1300, Kamal al-Din al-Farisi wa ku Tabriz adalemba Tanqih al-Manazir, dzina lotanthauza kuunikanso ndi kukonza bukulo. Komabe onsewa ankakhulupirirabe kuti lenzi ndiyo imamva kuwala. Buku la Ibn al-Haytham litamasuliridwa m'Chilatini n'kusindikizidwa ku Basel mu 1572, Johannes Kepler adaliwerenga, ndipo mu 1604 adaonetsa kuti chithunzi chimapangika pa retina, chili chadodolido. Wina adayala maziko, wina adakhoma denga.

NG'ALA PABWALO LA MAFUNSO

M'Chichewa mawu akuti ng'ala timatchulira chipsera choyera cha pa cornea komanso kuyera kwa mkati kumene kumagwira achikulire. Pano tikunena kwachiwiriku. Kwa zaka mazanamazana madokotala, Aarabu ndi Azungu omwe, ankati ng'ala ndi madzi otsika kuchokera kumutu amene amadzaundana kutsogolo kwa lenzi. Mu 1705, Michel Brisseau adang'amba diso la msilikali womwalira yemwe adali ndi ng'ala, napeza kuti lenzi yeniyeniyo ndiyo idachita mbuu. Adatumiza zomwe adapezazo ku bungwe la asayansi la ku Paris, koma poyamba akuluakulu sadamukhulupirire. Padafunika kuti ena ang'ambe maso ena n'kupeza zomwezo.

Zitadziwika kuti vuto ndi lenzi, njira yochizira idasintha. Mu 1752, Jacques Daviel adaimirira pamaso pa bungwe la madokotala a opaleshoni ku Paris ndi manambala m'manja: adachotsa lenzi yoonongeka m'maso 206, ndipo 182 adayenda bwino. Sadabise otsalawo. Mu 1851, Hermann von Helmholtz adalengeza za kachipangizo kounikira mkati mwa diso la munthu wamoyo, ndipo kwa nthawi yoyamba retina idaoneka mwini wake ali moyo. Patangopita zaka zisanu ndi chimodzi, mu 1857, madokotala a maso ochokera m'maiko osiyanasiyana adakumana ku Brussels pamsonkhano wawo woyamba wa dziko lonse, ndipo misonkhano imeneyi ikuchitikabe mpaka lero.

Ndi pamsonkhano ngati umenewu pamenenso mayina a akatswiri athu akale adakumbukiridwa. Mu July 1905, dokotala wa maso wa ku Berlin, Julius Hirschberg, amene adamasulira mabuku a Ali ibn Isa ndi Ammar m'Chijeremani mothandizana ndi akatswiri a Chiarabu, adakamba za ntchito yawo pamsonkhano wa American Medical Association. Adawalemekeza chifukwa adawerenga zolemba zawo n'kupezamo umboni.

Nkhani imene ikukhudza agogo athu mwachindunji ndi ya Harold Ridley wa ku London. Pankhondo yachiwiri ya dziko lonse adaona kuti tizidutswa ta pulasitiki ya mawindo a ndege tikalowa m'maso mwa oyendetsa ndege, diso silinkatikana. Pa 29 November 1949, pachipatala cha St Thomas', adachita opaleshoni yoyamba yoika lenzi ya pulasitiki m'malo mwa yoonongeka. Mu July 1951 adakafotokoza izi pamsonkhano wa madokotala a maso ku Oxford, ndipo akuluakulu ambiri adamutsutsa kolimba. Ena mwa mafunso awo adali oona, chifukwa malenzi oyambawo adali olemera ndipo ena ankasuntha pamalo pake. Kutsutsako kudachititsa kuti akonzedwe kwa zaka zambiri. Lero kalenzi kotere ndiko kamaikidwa m'maso mwa odwala ng'ala pa Kamuzu Central ndi ku Nkhoma, pa opaleshoni yosatha ngakhale ola limodzi.

DR MOSES CHIRAMBO NDI LILONGWE

Lilongwe idakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo chipatala cha Kamuzu Central chidatsegulidwa mu 1977. Dzina limene silingalekanitsidwe ndi ntchito ya maso pachipatalachi ndi la Dr Moses Chirambo, Mmalawi woyamba kukhala katswiri wa maso.

Mu 1976, iye ndi mnzake David BenEzra adasindikiza kafukufuku m'magazini ya British Journal of Ophthalmology. Adayeza ophunzira 270 m'malo 17 ophunzitsira osaona m'Malawi muno. Adapeza kuti 73 mwa 100 aliwonse adasiya kuona asanakwanitse zaka zitatu, ndipo chikuku chokha chidachititsa khungu pafupifupi 44 mwa 100 aliwonse. Ena ochepa adachita khungu ndi nthomba. Ambiri mwa amene maso awo adaola ndi tizilombo adali atathiridwa mankhwala achikuda matenda ali pachimake. Tanthauzo lake lidali lowawa koma lopatsa chiyembekezo: ana ambiriwa sadabadwe osaona, ndipo khungu lawo likadapeweka.

Mu 1983, Dr Chirambo pamodzi ndi akatswiri a ku Johns Hopkins University, kuphatikizapo Alfred Sommer, adachita kalembera wa maso m'chigwa cha Shire. Zotsatira zake zidatuluka mu 1986 m'magazini ya bungwe la zaumoyo la WHO. Anthu oposa mmodzi mwa 100 aliwonse adali osaona maso onse awiri, ndipo ng'ala ndiyo idali patsogolo. Mwa ana adapezanso vuto la kuchepa kwa vitamin A, kumene kumaumitsa cornea mpaka kuiboola, makamaka mwana akadwala chikuku. Kafukufuku wotere, wa kuno ndi wa maiko ena, ndiye adalimbitsa mfundo yopereka timakapisozi ta vitamin A kusikelo pamodzi ndi katemera wa chikuku. Mayi wa ku Area 36 kapena ku Biwi akamatsegula pakamwa pa mwana wake kuti alandire kadontho kaja, akudya zipatso za manambala amenewo.

Dr Chirambo adaonanso kuti madokotala akuluakulu a maso sadzakwana msanga. Choncho m'zaka za m'ma 1980 adatsogolera maphunziro a maso a madokotala othandizira pasukulu ya zaumoyo yoyandikana ndi Kamuzu Central, imene lero ndi Malawi College of Health Sciences. Kudabwera ophunzira ochokera m'maiko angapo a kumwera kwa Africa, ndipo ena adaphunzitsidwa mpaka kuchita opaleshoni ya ng'ala. Iye adadzakhala nduna ya zaumoyo mu 2009, ndipo adamwalira mu August 2010.

Lero madokotala athu a maso ali m'bungwe la COECSA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2012 ndipo limasonkhanitsa akatswiri a kum'mawa, pakati ndi kumwera kwa Africa pamisonkhano yozungulira maiko. Njira yokafika pa nsanja ya msonkhano wotere si yaifupi. Kafukufuku asanayambe amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za chilungamo kwa odwala, monga National Health Sciences Research Committee ya ku unduna wa zaumoyo. Akatha, mwini wake amatumiza chidule chake kwa okonza msonkhano, amene amachiunika ndipo angathe kuchikana. Chikalandiridwa amapatsidwa mphindi zowerengeka, kenako mafunso amayamba. Mudayeza anthu angati? Mudawasankha bwanji? Amene sadabwerenso kuchipatala mudawawerengera kuti? Ndalama adakupatsani ndani? Wopanda mayankho amabwerera kukayambiranso. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo m'nkhani za chipatala wodya phulayo amakhala wodwala.

MALUNGO AONEKERA M'DISO

Ntchito imene yatchukitsa kwambiri Malawi pa kafukufuku wa diso idachitikira ku Blantyre, koma ikukhudza wodi ya ana ya Kamuzu Central nyengo ya dzinja iliyonse. Vuto lidali lotere. Mwana akabwera atakomoka, magazi ake n'kupezeka ndi tizilombo ta malungo, ankalembedwa kuti ali ndi malungo a mu ubongo. Koma kwathu kuno ana ambiri amayenda ndi tizilomboti m'magazi osadwala. Ndiye tingadziwe bwanji kuti chamukomola ndi malungowo, osati matenda ena obisala kumbuyo kwake?

Pachipatala cha Queen Elizabeth, Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux adali akufufuza za ana otere kuyambira m'ma 1980. Dokotala wa maso Susan Lewallen adayamba kuunika m'maso mwa anawo, ndipo mu 1993 gululi lidasindikiza zomwe lidaona. Pa retina pamaoneka madontho oyera, ndi timagazi totuluka tokhala ndi kadontho koyera pakati. Pambuyo pake adafotokozanso za timitsempha tosintha mtundu, kuchoka kufiira kukhala ta olenji kapena toyera. Apa ndi pamene mfundo yathu yoyamba ija ikugwira ntchito. Tizilombo ta malungo timamatiza maselo ofiira a magazi kukhoma la timitsempha ta mu ubongo, magazi n'kumalephera kudutsa. Popeza retina ndi mphukira ya ubongo, zomwezo zimachitikanso m'diso, pamene zingathe kuoneka.

Anzawo adafunsa funso loyenera: mukudziwa bwanji kuti za m'disozo zikufanana ndi za mu ubongo? Yankho lidafuna chinthu chovuta kwambiri, kupima matupi a ana omwalira. Makolo ena, ali pakati pa chisoni, adavomera. Zotsatira zake zidatuluka mu 2004 m'magazini ya Nature Medicine. Mwa ana 31 amene adamwalira atalembedwa kuti ali ndi malungo a mu ubongo, 7 adapezeka kuti adafa ndi matenda ena. Ndiye kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse. Ndipo chizindikiro chimene chikadasiyanitsa magulu awiriwa ana adakali moyo chidali cha m'diso.

Kuyambira pamenepo, ofufuza za malungo m'maiko ambiri amayamba aunika retina asananene kuti mwana ali ndi malungo a mu ubongo. Kwa dokotala wa pa wodi, diso loyera bwino mwa mwana wokomoka ndi chenjezo lakuti apitirize mankhwala a malungo koma afufuzenso zina. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwa anthu amenewa kudatenga zaka zoposa khumi. Makolo aja mayina awo sadalembedwe m'magazini, koma mphatso yawo ikuthandiza ana a anthu amene sadzawadziwa.

CHIKOPE NDI TRACHOMA

Si kafukufuku yense amene amayang'ana mkati mwa diso. Matenda a trachoma amagwira kuseri kwa chikope. Tizilombo take timafala ndi manja, nsalu ndi ntchentche zotera pa manthongo a ana. Munthu akadwala mobwerezabwereza, mkati mwa chikope mumachita zipsera zomwe zimakoka chikopecho, nsidze n'kupindikira mkati ndi kumakanda cornea mpaka kuiyeretsa. Ali ibn Isa adawafotokoza kale matendawa m'buku lake lija.

Kuno kwathu, Pulofesa Khumbo Kalua ndi bungwe la Blantyre Institute for Community Outreach, mogwirizana ndi unduna wa zaumoyo ndi mabungwe monga Sightsavers, adayenda m'maboma monga Mchinji ndi Chikwawa akutembenuza zikope za ana ndi kuwerenga. Mu 2015 anthu 7.6 miliyoni adali pachiopsezo. Padatsatira opaleshoni ya zikope, kugawa mankhwala a azithromycin m'midzi, ndi kulimbikitsa kusamba kumaso ndi zimbudzi. Kuti dziko livomerezedwe kuti lathana ndi matendawa, liyenera kuonetsa kuti ana a zaka 1 mpaka 9 odwala ndi ochepera 5 mwa 100 aliwonse m'boma lililonse limene kudali vutoli. Malawi idapereka umboni wake, akatswiri akunja adauunika, ndipo mu September 2022 WHO idalengeza kuti trachoma sivutonso lalikulu la zaumoyo m'dziko muno. Tidali oyamba kumwera kwa Africa.

DONTHO LA M'DISO NDI SWAUMU

Tsopano tibwerere ku timabowo tiwiri tija ta pakona ya diso, chifukwa tikukhudza mwezi wa Ramadhan. Munthu akathira mankhwala m'diso nthawi zina amamva kuwawa kukhosi, ndipo ambiri amaopa kuti swaumu yawo yaonongeka. Ena amasiyiratu mankhwala mwezi wonse. Kwa wodwala glaucoma zimenezi n'zoopsa. Matendawa amadza madzi a mkati mwa diso akamapanikiza mtsempha wopita ku ubongo, ndipo timaulusi take tikafa sitiphukanso. Sapweteka kawirikawiri, ndipo munthu amazindikira mbali yaikulu itapita kale.

Funsoli nalonso lidapita kumsonkhano. Mu June 1997, mumzinda wa Casablanca ku Morocco, madokotala ndi akatswiri a fiqh adakhala pamodzi pamsonkhano wokonzedwa ndi Islamic Organization for Medical Sciences. Madokotala adafotokoza njira za m'thupi, ma ulama adafunsa ndi kuyeza ndi malamulo a swaumu. Patangopita masabata ochepa, International Islamic Fiqh Academy idakumana ku Jeddah ndipo idagamula kuti mankhwala odonthezera m'maso samasula swaumu, bola munthu apewe kumeza chimene chafika kukhosi. Kuyambira kale madhhab a Shafi'i ndi Hanafi, omwe ambiri a ife kuno timatsatira, amaphunzitsa kuti kupaka wanja sikumasula, pomwe ma ulama ena adaona mosiyana ngati kukoma kwafika kukhosi.

Kudziwa kapangidwe ka diso kumathandiza mbali zonse. Dontho limodzi ndi kachigawo kamodzi mwa 20 ka mililita, ndipo lambiri limatayikira patsaya. Mukathira, tsinzinani ndi kukanikiza pang'ono ndi chala pakona ya diso chakumphuno kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Mukatero mwatseka kanjira kaja, mankhwala akhala m'diso momwe akufunika. Amene mtima wake sukukhazikikabe afunse dokotala ngati mankhwala ake angathiridwe nthawi ya daku ndi ya futari, pakuti ena amathiridwa kamodzi kapena kawiri patsiku, ndipo afunsenso shehe wake. Chosayenera ndi kungosiya mwakachetechete.

ZOTI TITENGEPO

Mbiri yonseyi ikutipatsa funso limodzi loti tiziyenda nalo: mankhwala awa adayesedwa pamaso pa ndani? Wina akatiuza kuti tithire madzi a masamba, shuga kapena mkaka wa m'mawere m'diso lofiira la mwana, tikumbukire ana 270 aja. Mandala a pamsika angathandize kuwerenga, koma sangatiuze ngati glaucoma yayamba. Amene tili ndi matenda a shuga tikaunikitse retina kamodzi pachaka ngakhale tikuona bwino. Agogo amene akuona ngati utsi tisawasiye pakhonde poti ndi ukalamba, chifukwa ng'ala imachotsedwa. Mwana amene kamwana ka diso lake kakuoneka koyera apite kuchipatala sabata yomweyo.

Ndipo inu ophunzira a m'masekondale, amene madzulo mumabwera ku madrasa, musamve dzina la Ibn al-Haytham n'kungonyadira. Kumutsatira ndi kugwira Physics ndi Biology mwamphamvu, kulemba zimene mwaona monga mwazionera, ndi kusakwiya mukafunsidwa. Maphunziro a maso alipo ku Malawi College of Health Sciences konkuno ku Lilongwe, ku Mzuzu University ndi ku Kamuzu University of Health Sciences. Odwala pamzere wa pa Kamuzu Central ndi ambiri kuposa manja owathandiza, ndipo mafunso a maso a Amalawi amene sadayankhidwe adakali ochuluka.

Allah atisungire maso athu ndi a makolo athu, ndipo alandire swaumu yathu. Ameen.